Amuna Awiri pa Khoma la Depoti

Ntcheu Boma,
Lolemba, 12 Ogasiti 2024.

Okondedwa Achimwene Redson,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Chitipa pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno kukuzizirabe m'mamawa, ndipo mphepo ya mwezi uno yayamba kale kuulutsa fumbi ndi mapepala pamsika. Ine m'thupi ndili bwino.

Mudabwa kulandira kalata yapamanja kuchokera kwa munthu amene ali ndi nambala yanu. Masiku apitawa ndakuimbirani katatu, ndipo katatu konseko ndinathera kufunsa za chifuwa cha mwana wanu Yamikani ndi za ntchito yanu kuchipatala, kenaka n'kudula foni. Pakamwa panga pakukana. Choncho ndakhala pansi m'kalasi mopanda ana, popeza tili pa holide, ndipo kalatayi ndimupatsira kondakitala wa basi ya masana ano. Chonde muiwerenge muli nokha, mutakhala pansi, osati pakati pa odwala. Nkhaniyi ikukhudza bambo anu okuberekani, a Gracian Ngozo, ndipo ndikufuna muimve kwa ine isanakupezeni pa foni ya munthu wina. Mundilole ndiyambire poyambira penipeni, chifukwa ndikadumpha pena mudzaona ngati ndapenga.

Kuno ku Boma kuli chikondwerero chimene achinyamata achitcha Makoma Olankhula. Chinayamba pa 3, ndipo chitha Loweruka likubwerali. Akatswiri ojambula ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre apenta zithunzi zikuluzikulu pa makoma a masitolo, pa mpanda wa msika, mpaka kudepoti. Pakona pa chithunzi chilichonse pali kabokosi ka timadontho takuda ndi toyera. Munthu ukalozetsa kamera ya foni pa kabokosiko, foni imayamba kulankhula, ndipo umamva mawu a munthu weniweni wakuno akufotokoza za chithunzicho. Zomwezo aziikanso pa intaneti, moti amene ali kutali akhoza kuona ndi kumva ngati waima pomwepo. Pali khoma la amayi ogulitsa mbatatesi ku Lizulu, la ovina ngoma, ndi la anyamata a kabaza, amene akhala akumunyoza mnzawo wojambulidwayo kuti njinga yake yapakhomayo ili ndi mabuleki pamene yeniyeniyo amaimitsa ndi chidendene. Anthu akusangalala, Achimwene, ndipo inenso ndinkasangalala nawo.

Amene akutsogolera zonsezi ndi Zahra, mwana wa a Dauda a sitolo ya malata ndi misomali ija. Ndinamuphunzitsa mbiri mu Fomu 3 ndi 4, mtsikana wanzeru ndi waulemu. Mwezi wa Juni anabwera kwathu nati akufuna khoma limodzi likhale la amuna amene ankapita kukagwira ntchito ku Joni, popeza ana a masiku ano sadziwa kuti malata a nyumba zambiri za kuno anachokera kumigodi. Anafunsa ngati ndili ndi chithunzi chakale. Ine ndinakumbukira chija cha m'sutikesi ya pansi pa bedi la amayi, chimene bambo anu ndi bambo anga, a Yoramu, anajambulitsa ali anyamata, atakolekana mikono m'mapewa, onse atavala zipewa zofanana.

Kulakwa kwanga koyamba ndi kwakuti chithunzicho ndinachitenga osapempha. Kwachiwiri ndi kwakuti ndinawajambula amayi mawu pa foni yanga nditawauza kuti ndi za ana a sukulu basi. Sindinawauze kuti mawu awo adzamveka pa depoti, kapena kuti adzafika kunja kwa dziko. Ndinkadziwa kuti akadakana, ndipo ndinkaganiza kuti kukanako ndi manyazi chabe a anthu akale. Ngakhale pepala lachilolezo limene Zahra anabweretsa ndinasaina ndine.

Amayi anafotokoza zimene inu ndi ine takhala tikumva chibadwire. Ndizibwereze pano, kuti muone bwino pamene pathyoka. A Gracian anachoka mu 1979 inu muli wakhanda, limodzi ndi mnzawo a Yoramu. Atatha chaka mumgodi, a Gracian anasiya kontirakiti n'kupita kukagwira ntchito m'mafamu paokha, ndiye chifukwa chake ofesi yolemba anthu ntchito za kumigodi inalibe pepala lililonse la iwo. Mu 1981 a Yoramu anabwerera okha ndi sutikesi, nanena kuti mnzawo anadwala pa famu, namwalira, ndipo anamuika komweko. Abale a a Gracian anali a tsidya lija la msewu ku Lizulu, kunja kwa malire a dziko lino, ndipo nkhondo ya kumeneko inali itayamba kuwabalalitsa, moti panalibe wofunsa zambiri. Kwathu ku Nsipe analira maliro, ndipo poti mtembo panalibe, anakwirira bulangeti ndi jekete zimene zinali m'sutikesimo. Patapita zaka ziwiri a Yoramu anakwatira amayi, nakulerani inu ngati wawowawo, kenaka n'kubadwa ine. Pa manda a bulangetiwo ndi pamene inu munamanga chiliza mu 2012, ndipo mumabwera kudzalambula chaka ndi chaka.

Chithunzicho anachipenta pa khoma loyang'ana podikirira mabasi, amuna awiri aatali kuposa chitseko. Anachipenta bwino kwambiri, moti tsiku loyamba ndinaima pamenepo misozi ili m'maso, chifukwa maso a a Gracian ndi anu enieni. Masiku anayi anthu ankaima ndi mafoni awo kumvetsera amayi akunena kuti wakumanzereyo ndi mwamuna wawo woyamba amene anatsalira ku Joni, ndipo wakumanjayo ndi munthu wachifundo amene anabweretsa katundu wake.

Lachitatu masana Zahra anandipeza kunyumba akupuma mofulumira, nkhope ikuwala. Anati chachitika ndi chodabwitsa, ndipo chikondwerero chonse chapeza nkhani yake yaikulu. Mwamuna wina wa ku Joni, dzina lake Mfundo, anali ataona khomalo pa intaneti, nalemba pansi pake, pamene aliyense angawerenge, kuti chithunzi chomwecho chili pabalaza kunyumba kwawo, ndipo wakumanzereyo ndi bambo ake, amene ali moyo, ndipo pamene ankalembapo anali panja akuthirira ndiwo zamasamba. Anaikaponso chithunzi chawocho, ndi cha mkulu wa imvi atachinyamula m'manja.

Achimwene, bambo anu ali moyo. Ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi chimodzi, amayenda okha popanda ndodo, ndipo nzeru zawo zili bwinobwino.

Zahra ankafuna kuti Loweruka, potseka chikondwerero, aike chinsalu chachikulu pafupi ndi khomalo, a Gracian aoneke pa kanema akulankhula ali komweko, amayi atakhala pa mpando kutsogolo kwa khamu. Musamuweruze. Iye ankaona banja lotayana likupezana, ndipo inenso kwa ola limodzi ndinkaona zomwezo. Ndinaganiza kuti mwina kunali kusokonezeka kwa maina pa famu, kapena abambo anauzidwa bodza ndi munthu wina. Ndinangomupempha kuti ndiyambe ndalankhula ndi a Gracian ndekha.

Tinalankhula Lachinayi, pa foni ya kanema, m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya a Dauda. Chichewa chawo ndi chakale, chonga cha agogo athu, ndipo mawu ena amachita kuwafunafuna. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anafunsa ngati mawu amene anamva aja ndi a Lufina weniweni, mwana wa a Jere a ku Nsipe, kapena ajambula munthu wina womuyerekeza. Nditavomera kuti ndi amayi ondibereka, anafunsa za mwana. Ndinawauza kuti muli moyo, muli ndi ana atatu, ndipo mumathandiza odwala ku Chitipa. Anavula magalasi, nawaika patebulo, ndipo Mfundo anachita kuwagwira paphewa.

Atakhazikika anandifunsa kuti ine ndine mwana wa yani. Ndinatchula dzina la abambo.

"Yoramu Kamphulusa?" anatero. "Ndiye anakwatira iyeyo? Ali kuti tsopano?"

Ndinawauza kuti anatisiya mu 2017.

"Wafulumira," anatero a Gracian. "Akanadikira ndimufunse."

Pamenepo anandifotokozera mbali yawo, mosakweza mawu. Sanadwale pa famu. Mu 1981 anali ndi ntchito yabwino yoyang'anira ng'ombe, ndipo anaganiza zokhalako chaka china kuti apeze za malata. A Yoramu pobwerera kumudzi, iwo anawapatsira sutikesi yoti akapereke kwa amayi. Bulangeti lija silinali lofunda iwo ayi. Linali latsopano, logulira amayi ndi inu chifukwa cha kuzizira kwa kuno, ndipo jekete inali ya agogo aamuna. Kwathu anakwirira mphatso, Achimwene, akulira ndi kuimba nyimbo za maliro.

Ndinafunsa chimene mukufunsa inu panopa, kuti nanga bwanji sanabwere, bwanji sanalembe. Anamuuza Mfundo kuti atenge Baibulo, natulutsamo pepala lopindidwa kanayi, lofiirira ndi ukalamba. Mfundo analijambula n'kunditumizira pomwepo, ndipo ndili nalo pa foni. Ndikukoperani mawu ake monga alili:

"Mbale wanga Gracian, ndafika bwino koma kuno ndapeza zovuta. Mkazi wako ndi mwana anamwalira ndi matenda otsegula m'mimba mwezi wa Febuluwale. Anaikidwa ine ndisanafike. Katundu ndapereka kwa apongozi ako. Usavutike kubwera, palibe chimene udzapeze. Limba mtima. Ndine Yoramu."

Ndakhala ndikuyesetsa kuti ndikayikire kalatayi, koma ndalephera. Amene anandiphunzitsa kulemba ndi abambo, pa khonde paja, atagwira dzanja langa. Ndimadziwa mmene ankakokera mchira wa chilembo cha g, ndi chizolowezi chawo cholemba tsiku pansi pa kalata m'malo mwa pamwamba. Inunso mudzalizindikira dzanjalo, chifukwa ndi lomwelo limene linkasaina malipoti anu a sukulu. A Gracian akuti atalandira kalatayo anameta tsitsi, nakhala masiku atatu osapita ku ng'ombe. Anakwatira komweko mu 1985. Mkazi wawoyo anamwalira zaka zisanu zapitazo. Chaka chilichonse mwezi wa Febuluwale akhala akupereka dzina lanu ndi la amayi ku tchalitchi kwawo kuti awapempherere pamodzi ndi akufa.

Zahra anamva zonsezi ataima pakhomo. Sindinachite kumupempha. Analira, napepesa, ndipo madzulo omwewo anachotsa mawu a amayi pa intaneti n'kumata pepala pa kabokosi ka pakhoma. Za chinsalu chija zatha. Koma ndaphunzira chinthu chimene ndinayenera kuchidziwa ndisanasaine. Chimene chalowa m'mafoni a anthu sichibwezeka. Ambiri anali atasunga kale mawu a amayi, ena anajambula zimene Mfundo analemba, ndipo akutumizirana m'magulu. Pepala lomata lija linang'ambidwa Lachisanu m'mawa. Tsopano pa khomalo pamaima anthu ambiri kuposa kale, ndipo sakulozetsanso mafoni, akungoyang'ana amuna awiriwo n'kumanong'onezana. Loweruka ndikudutsa, wakabaza wina amene sanandizindikire anandiitana kuti, "Kwerani amayi, ndikakuonetseni malemu amene akuthirira dimba ku Joni." Anzake anamukodola kuti aleke. Munthu wina wajambula ndi khala mtanda pachifuwa cha abambo. Za kalata ija anthu sanazidziwebe, koma ayamba kale kufunsana kuti munthu angabweretse bwanji uthenga wa maliro a mnzake wamoyo, kenaka n'kukwatira mkazi wake.

Ndipo a Gracian akubwera. Ndinawapempha kuti adikire mwezi umodzi kuti tikonzekere, koma anati adikira zaka makumi anayi ndi zitatu osadziwa kuti akudikira, ndipo sawonjezerapo. Tikiti agula kale. Anyamuka Lachitatu ndi Mfundo, alowera ku Dedza, ndipo basi idzawatsitsa pa depoti Lachisanu, pansi penipeni pa chithunzi chawo. Nditawafunsa chimene akufuna kudzachita, anati zinthu ndi zitatu: aone mwana wawo, aone Lufina, ndipo aone manda awo, awerenge okha zimene zinalembedwapo. Sanakalipe ngakhale pang'ono, ndipo kudekha kwawoko ndi kumene kukundiopsa.

Za mandawo kwavuta kale. Mphekesera inafika ku Nsipe ine ndisanafike, ndipo adzukulu, amene amayang'anira manda kwathu, agawikana. Ena akuti munthu wamoyo sayenera kuona chiliza cha dzina lake, chigumulidwe asanafike. Ena akuti chimene chinaikidwa ndi mwambo wa maliro sichikhudzidwa popanda mwini. Onse agwirizana chimodzi, kuti mwini ndinu, popeza munamanga ndinu. Andipatsa mpaka Lachinayi madzulo. Mukapanda kunena kanthu, sindidziwa kuti adzachita chiyani.

Tsopano ndifike pa chimene ndinkafuna kuchisiya kunja kwa kalatayi. Ndalemba pepala lino kawiri. Loyambalo ndinathera pa ndime yapamwambayi n'kuika moni, koma ndaling'amba, chifukwa ndaona kumene kubisa kwatifikitsa.

Dzulo nditatuluka m'tchalitchi ndinakwera minibasi kupita ku Nsipe kukawauza amayi. Ndinanyamula mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi m'chikwama, ndipo ndinapempha oyandikana nawo kuti asapite kutali, poopa kuti angakomoke. Ndinawapeza pakhonde akusenda mtedza m'lichero, asanavule bulauzi yawo yoyera ya kumapemphero. Zinkaoneka kuti palibe amene analimba mtima kuwauza. Anandiseka kuti ndaonda ngati sindilandira malipiro, nafunsa ngati ndabweretsa shuga. Ndinagwada pafupi nawo, ndinapepesa za chithunzi ndi za mawu aja, kenaka ndinanena mawu ochepa okha amene ndinakonzekera m'njira monse.

"Amayi, a Gracian ali moyo. Akubwera Lachisanu."

Sanakomoke. Sanalire. Manja awo sanaime n'komwe. Anasenda mtedza wina, ndi winanso, akuponya makoko pansi monga amachitira nthawi zonse. Kenaka, osandiyang'ana, anafunsa.

"Ndiye kalata ija anaisunga zaka zonsezi?"

Achimwene, ine ndinali ndisanatchule kalata iliyonse. Zahra sanauze munthu, ndipo pa intaneti sinaikidwepo. Ndinawafunsa kuti anadziwa liti, kaya ndi kalekale, kaya abambo anawaululira ali pa mphasa ya imfa. Ndinawapempha kuti anditchulire chaka chokha. Iwo anandituma kuti ndikatenge lichero lina m'nyumba chifukwa ili ladzaza. Nditabwera nalo anafunsa ngati inu mwamva. Ndinati ayi. Anati, "Umuuze iweyo, ndiwe wodziwa kulemba." Ndinakhala nawo mpaka dzuwa litapendeka, ndipo sananenenso china chokhudza nkhaniyi. Ponditsazika anandiuza kuti ndikagule sopo ndi ufa woyera, popeza kukubwera alendo.

Sindidziwa tanthauzo lake, ndipo sindikufuna kukuganizirani. Mwina anamva mu 2017, nasankha kusakupwetekani ndi chinthu chimene sakanatha kuchikonza. Mwina anamva kale kwambiri, chiliza chisanamangidwe, ndipo anaima pambali panu tsiku lija akuimba nawo. Pali kuthekera kwina kumene dzanja langa likukana kulemba. Chimene ndikudziwa ndi chakuti Lachisanu a Gracian adzawafunsa funso lomwelo maso ndi maso, anthu a mudzi wonse ali pabwalo, ndipo amayi ndi munthu wodwala, ngakhale dzulo anaoneka olimba ngati mwala.

Pempho langa ndi ili. Kalatayi ikufikani mawa. Pemphani tchuthi, munyamuke Lachitatu, mufike kuno Lachinayi kusanade. Mutsike pa Boma, musapitirire ku Nsipe muli nokha ndi mkwiyo wa m'njira. Potsika mudzaliona khomalo, palibe njira yolizemba, choncho ndidzakudikirani pomwepo. Ndidzakuonetsani kalata ija, tidzapite limodzi kwa adzukulu, ndipo mudzanene nokha za chiliza. Lachisanu mudzawalandire bambo anu, chifukwa sikoyenera kuti munthu woyamba kuwagwira dzanja akhale ine. Ngati mungathe, mudzakhale pakati pa iwo ndi amayi pamene azidzalankhula. Sindikukupemphani kuti mukhululukire aliyense. Ndikungopempha kuti amayi asadzayankhe funso limenelo ali okha.

Za abambo sindikudziwa choti ndinene. Ndi omwe aja amene anagulitsa ng'ombe kuti mupite ku koleji, amene anakuberekani kumsana usiku wa malungo aja mpaka kuchipatala, ndipo ndi omwewonso amene analemba kuti munafa muli ndi zaka ziwiri. Ine ndinawakonda, ndipo sindinapezebe mosiyira. Inu simukakamizidwa kutero.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo muwauze zonse, chifukwa mudzafuna munthu woyenda naye. Yamikani apitirize kumwa mankhwala, ndipo ana enawo muwauze kuti azakhali awo sanaiwale mabuku aja. Mfundo wapereka moni. Akuti wakula akudziwa kuti mkulu wake ali m'manda ku Malawi, ndipo wayamba kuphunzira kunena kuti achimwene. A Gracian sanapereke moni. Anati adzapereka okha. Amayi ndinawafunsa ndili kale pa msewu ngati ndikulembereni moni wawo monga mwa nthawi zonse. Anaganiza pang'ono, nati ndiyambe ndamva ngati mungaulandire.

Inenso ndikufunsa chomwecho. Mukafika Lachinayi n'kundipitirira pa depoti osandilankhula, ndidzamvetsa, ndipo ndidzakutsatirani pambuyo mpaka ku Nsipe.

Ine mlongo wanu,
mwana wa a Yoramu,
Janeti.